Zitsulo za Kuseri kwa Nyumba

Mwezi wathawu, ndiri kufunafuna chikalata china m'bokosi langa lakale la malata, ndidapeza kope lofiirira lodyewa ndi njenjete m'mbali. Pachikuto pali dzina langa, ndipo pansi pa dzinalo munthu wina adalemba ndi pensulo ya akalipentala kuti: masabata 40. M'kati mulibe ndakatulo kapena nthano ayi. Muli masiku ndi manambala okhaokha, mzere ndi mzere, kuyambira Lolemba pa 7 Marichi 1988 mpaka Disembala chaka chomwecho. Munthu wosadziwa angaliyese kope la ngongole la pa golosale. Koma ine nditangolitsegula, m'manja mudandinunkhanso dzimbiri.

Kopelo ndilo landichititsa kulemba. Inu amene mumaphunzira mbiri mudawerenga za m'mene likulu lidasamukira ku Lilongwe, za ngongole, mapulani ndi nduna. Komatu pali mbiri inanso ya mzinda womwewo imene idachitikira kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi khola la nkhunda, kumene anyamata ankanyamula zitsulo kuti tsiku lina akaime pa nsanja, anthu aweruze matupi awo. Ine ndidali mmodzi wa iwo, wosatchuka konse. Ndilemba zimene ndidaona pamodzi ndi zimene ndidadzawerenga pambuyo pake.

Chaka cha 1975

Mu Januwale 1975 Lilongwe adasanduka likulu la Malawi m'malo mwa Zomba. Ntchito yake idali itayamba kale mu 1968, pamene boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, nilandira ngongole ya ma randi 8 miliyoni kuchokera ku South Africa, dziko limene maiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Nayo pulani ya mzinda idajambulidwa ndi akatswiri a ku Johannesburg. Iwo adagawa thengo m'zigawo zamanambala. Kumpoto kwa mtsinje wa Lingadzi adaikako Capital Hill ndi City Centre, pamodzi ndi Area 10, 12 ndi 43, kumene nyumba imodzi imakhala pa malo otha kukwana banja lonse la kumudzi ndi dimba lomwe. Kummwera kudatsala tauni yakale, msika wake, sitolo za amwenye, ndi ife a ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 mu Lilongwe. Wa 1977 adapeza pafupifupi 99,000. Pofika 1987 tidali titapitirira 220,000.

Chaka chomwecho cha 1975, mu Novembala, ku Pretoria kudachitika mpikisano wa Mr Olympia, umene ndiwo waukulu pa mipikisano yonse ya adzitho. Arnold Schwarzenegger adapambana kachisanu ndi chimodzi motsatizana, kuposa Serge Nubret, Lou Ferrigno ndi Franco Columbu. Anthu a kanema adajambula kukonzekera kwawo, ndipo mu 1977 adatulutsa filimu ya Pumping Iron, imene idatchukitsa masewerawa pa dziko lonse.

Zinthu ziwirizi zikadangodutsana osakomana, pakadapanda chachitatu. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula a m'migodi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, niipha Amalawi oposa 70. Dr Banda adaletsa Wenela kulemba anthu ntchito, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera kwawo. Ena adapita kumudzi ndi njinga ndi wailesi. Ena adamva kuti ku Lilongwe akumanga, nabwera kudzafuna maganyu. Mmodzi wa amenewa ndiye adadzalemba pachikuto cha kope langa.

Madala

Tonse tinkangowatcha Madala, ngakhale pa nthawiyo adali asanakwane zaka 50. Adali ndi kashedi kowotcherera zitsulo kufupi ndi msewu wa Malangalanga, kumene ankapanga mbaula, mageti ndi zotchingira mazenera. Kuchokera ku Joni adabwerako ndi chifuwa chosamveka bwino, sutikesi yachitsulo, ndi mtolo wa magazini othimbirira. M'magaziniwo mudali zithunzi za Reg Park, Mngelezi wa ku Leeds amene adapambana Mr Universe mu 1951, 1958 ndi 1965, nakakhazikika ku Johannesburg kumene adatsegula malo ophunzitsirako masewerawa. Ndi Park yemweyo amene Schwarzenegger ali mnyamata ankafuna kufanana naye. Madala sadalowemo m'malo amenewo, pakuti khungu lawo silikadawalola. Magaziniwo adawapatsa ndi mzungu wina wa pa mgodi, ndipo zitsulo zawo zoyamba adazipangira m'komboni.

Kuseri kwa nyumba yawo ku Kawale adamangako jimu yoyamba imene ine ndidaiona. Benchi idali thabwa la mlombwa pa miyendo ya paipi. Zonyamula zidali zitini za penti zothiramo simenti, madiramu a mabuleki a lole, ndi magiya otha ntchito ochokera m'magalaja a mu tauni yakale. Chitsulo chilichonse adakachiyeza pa sikelo ya ogula mtedza ku msika, nalemba kulemera kwake ndi penti yoyera. Galasi lidali lochokera pa wadirobu yothyoka, ndipo munthu ankadziona kuyambira m'khosi kulekeza m'chiuno basi.

Ine ndidafika mu Lilongwe mu 1978 ndiri ndi zaka 14, ndipo pofika 1987 ndidali mesenjala pa ofesi ina ku City Centre. Kumbukirani kuti masiku amenewo m'Malawi mudalibe televizyoni; idadzatsegulidwa mu 1999. Matupi a akatswiri tinkawaonera m'tinyumba ta vidiyo, titakhala pa mabenchi, tikupenya Commando mpaka tepi kutha mphamvu. Mnyamata aliyense ankatuluka m'menemo atatukula mapewa. Ambiri tinkathamangira kwa Madala, koma pakatha masabata atatu pankatsala awiri kapena mmodzi.

Nditakhalapo miyezi isanu ndi itatu ndidawauza kuti ndifuna kulowa nawo mpikisano umene anyamata a m'makomboni ankakonza okha chaka chikamatha. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ufuna chiyani kwenikweni, mphwanga?"

"Ndifuna kujintcha, Madala. Ndidzayesetsa ndithu."

"Kuyesetsa ndiye kuchuluka bwanji? Makilo angati? Pofika liti? Pita ukagule kope."

Kope ndi thumba la chimanga

Tsiku lopereka kope adanditengera kaye ku depoti ina kumene amuna ankatsitsa chimanga mu lole. Matumba a nthawi imeneyo adali a makilogalamu 90, osati a 50 a lerowa. Mwamuna wina wowonda ngati bango ankasenza thumba, kuthamanga nalo pa thabwa, kuliponya, n'kubwereranso, tsiku lonse.

"Uyo ndi iwe, wamphamvu ndani?" adandifunsa.

"Ndi iyeyo, Madala."

"Nanga bwanji sadajintche?"

Ndidasowa choyankha. Iwo adati zifukwa ziripo zitatu. Thumba lake ndi lomwelo chaka ndi chaka, tsono thupi lidalizolowera ndipo lilibenso chifukwa chokulira. Sapuma, pamene mnofu umakula munthu ali m'tulo. Ndipo amadya nsima ndi masamba, zongokwanira kuti adzuke mawa. Kupirira ali nako koposa ife tonse, koma kupirira kwakeko kumalemeretsa mwini lole.

Mawu amenewa sadandichoke. Lilongwe adamangidwa ndi anthu otere, osenza simenti pa Capital Hill ndi mabelo a fodya ku Kanengo. Pa kulemera kwa katundu, palibe wa dzitho amene adanyamulapo zofanana nawo. Chimene chidasiyanitsa ife ndi iwo sichidali khama ayi, koma kuti katundu wathu tinkadzisankhira tokha, tinkamuwonjezera mwadala, ndipo tinkadziwa tsiku limene tikulinga.

Madala sadadziwe kuti nzeru yawoyo njakale. Agiriki ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana amene adapambana kasanu ndi kamodzi pa masewera a Olympic zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Nthano yake imati ankasenza thole tsiku ndi tsiku, tholelo likukula, mpaka adapezeka akusenza nkhunzi. Mu 1945 dotolo wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, adaonetsa kuti asilikali ovulala amachira msanga akamanyamula zitsulo zowonjezeredwa pang'onopang'ono, ndipo mu 1948 iye ndi mnzake Arthur Watkins adakhazikitsa njira yonyamula kakhumi, kupuma, mpaka maulendo atatu. Ndi momwemo m'mene Madala ankatiwerengera. Ndipo mu 1968, chaka chimene pulani ya Lilongwe idajambulidwa, katswiri wa za maganizo Edwin Locke adalemba kuti munthu wopatsidwa cholinga chodziwika ndi chovutirapo amachita zambiri koposa wongouzidwa kuti ayesetse. Ine izi ndidadzaziwerenga nditamera kale imvi, ndipo ndidaseka ndekha pokumbukira funso lija: kuyesetsa ndiye kuchuluka bwanji?

Pa tsamba loyamba la kope adalembapo mizere inayi. Kukankha chitsulo chogona pa benchi, kakhumi: kuchokera pa makilogalamu 55 kufika pa 80. Sikwati, ndiko kunyonyomala ndi kudzuka chitsulo chiri pamapewa: kuchokera pa 70 kufika pa 110. Mkono, woyezedwa ndi tepi ya telala: kuchokera pa masentimita 33 kufika pa 36. Thupi lonse: kuchokera pa makilogalamu 61 kufika pa 66. Masabata 30 oyamba adali omanga, ndipo 10 otsiriza osungunula mafuta kuti mnofu uoneke. Ndidafunsa chifukwa chake sadalembe kuti ndidzapambane.

"Zimenezo ziri m'manja mwa oweruza. M'kope timalemba zimene ziri m'manja mwako."

Mphika

Ndidazindikira msanga kuti chitsulo cholemera koposa chidali mphika. Akatswiri a lero amati munthu womanga thupi afunika magalamu 1.6 a zakudya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, tsiku lililonse. Kwa munthu wa makilogalamu 65 ndiye kuti magalamu opitirira pang'ono 100. Dzira limodzi liri ndi magalamu 6 okha. Akadati adalire mazira, akadadya 17 pa tsiku. Magazini a Madala ankanena za nyama ya ng'ombe ndi mkaka wa m'mabotolo. Malipiro a mesenjala sakadafikako.

Tsono tidachita kumasulira magaziniwo m'chinenero cha msika wa tauni yakale. Usipa ndi matemba, odya ndi mitu yomwe. Nyemba, nandolo ndi khobwe. Phala la mgaiwa losakaniza ufa wa soya ndi nsinjiro m'mawa. Chambiko kumapeto a mwezi. Mazira awiri pa tsiku, ogula ndi ndalama ya basi. Motero ndinkayenda pansi kuchokera ku Kawale kukafika ku City Centre ndi kubwerera. M'chilimwe tinkagula mbewa, ndipo mvula yoyamba itagwa ngumbi zidatithandiza. Fodya ndi chibuku zidaletsedwa. Pofika 9 koloko usiku ndinkayenera kukhala nditagona, chifukwa 5 koloko m'mawa chitsulo chinkandidikira, ndipo mu Juni chitsulo cha ku Lilongwe chimazizira mochita kuluma zikhatho.

Ndisabise, mazirawo adali ndi mlandu. Ndinkakhala ndi amayi ndi azing'ono anga atatu, ndipo dzira limene ndinkadya ine, mwana wina ankaliyang'ana. Amayi adalekerera miyezi iwiri, kenaka usiku wina adandifunsa:

"Kodi mwanawe, thupi limeneli akadzaliona anthuwo adzakulipira?"

"Iyayi amayi."

"Nanga n'lachiyani?"

Funso limeneli sindidaliyankhe bwino tsikulo. Chimene ndidachita n'chakuti kuyambira pamenepo ndinkagula mazira atatu, limodzi la ana mosinthana, ndipo Loweruka masana ndinkathandiza Madala kupala zitsulo kuti ndipeze yowonjezera.

Sabata ya 17

Manambala adakwera bwino mpaka kumapeto kwa Juni. Madala adali ndi timawashala tolemera theka la kilo, ndipo Lolemba lililonse ankakoloweka kamodzi uku, kena uku. Pa tsiku sunkaona kusintha. Unkaona potembenuza masamba a kope.

Loweruka lina m'mawa adandituma kukapereka kalata kunyumba ya bwana wina wochokera kunja ku Area 10. Ndidadutsa misewu yamitengo, yopanda munthu woyenda pansi kupatula alonda ndi olima maluwa. Galaja idali yotsegula, ndipo m'katimo ndidaona zimene ndinkangoziona m'magazini: benchi yachikopa, ndodo yonyezimira, zitsulo zozungulira bwino zoikidwa mwa msinkhu wake. Pamwamba pake padali fumbi, ndipo pa ndodoyo adayanikapo chiguduli chopukutira galimoto. Wolima maluwa adandinong'oneza kuti bwana adazigwirako mwezi umodzi wokha.

Mukadayembekeza kuti ndidaphunzirapo kanthu. Ayi, ndidangopsa mtima. Ndidaganiza kuti ngati ine wa zitini za simenti ndifuna kufanana ndi a m'magazini, timawashala ta Madala tikundichedwetsa. Lolemba lotsatira iwo adapita ku maliro. Kope linkati 67. Ine ndidakoloweka 80, kuti ndifike lero pamene ndidayenera kufika mu Okutobala. Kawiri chidakwera. Kachitatu ndidamva kuthetheka m'phewa la kumanja, chitsulo n'kundikhalira pachifuwa, mpaka mnzanga wina adachita kundichotsera.

Madala atabwera sadakalipe. Adatenga kope, nalemba pa tsikulo liwu limodzi: wakuba. Ndidadandaula kuti sindidabe kanthu.

"Wafuna kuba miyezi itatu. Tsono wabweza iwiri."

Masabata asanu ndi limodzi sindidathe kukweza dzanja kupitirira phewa. Apa ndi pamene ndidafuna kuleka, ndipo ndidalekadi masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mbandakucha ndidamva kugogoda pa zenera. Ndidawauza kuti mpikisano wa chaka chino wandipita.

"Wavulala phewa. Miyendo yavulalanso? Tsiku lija silisuntha. Tisintha njira."

Adafufuta 80 wa pa benchi nalemba 72. Uku sikudali kugonja, koma kunena zoona. Masabata amenewo tidalimbana ndi ntchafu, akatumba a m'miyendo ndi mimba, ziwalo zimene galasi lathu lodukalo silinkaonetsa, ndipo chifukwa cha icho anyamata ambiri ankazinyalanyaza. Phewa litayamba kulola tidayambiranso ndi ndodo yopanda kanthu, ana a pafupi akundiseka pa mpanda. Pamenepo ndi pamene ndidamvetsa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nsanja

Masabata khumi otsiriza adali a njala yodzifunira. Nsima idatsika kuchokera pa mitanda inayi kufika pa umodzi ndi theka. Shuga ndi mandasi zidachoka. Idali nyengo imene m'makomo ambiri ufa umayamba kuchepa, ndipo amayi sadamvetse kuti munthu angakane nsima iripo. Anthu oyandikana nafe adayamba kunong'ona kuti mwana wa uje akudwala, poona masaya akulowa. Madzulo Madala ankandiphunzitsa kaimidwe: kuonetsa mikono chakutsogolo, kutambasula msana, kutembenukira m'mbali, kulimbitsa thupi lonse nkhope ikumwetulira ngati palibe chikuchitika. Mphindi imodzi ya zimenezi imatopetsa koposa kulima mzere.

Kuimirira pa nsanja kuti anthu aweruze thupi kudayamba ndi Eugen Sandow, mbadwa ya ku Königsberg, amene mu Seputembala 1901 adakonza mpikisano waukulu woyamba mu Royal Albert Hall ku London. Mmodzi wa oweruza adali Arthur Conan Doyle, mlembi uja wa nkhani za Sherlock Holmes. Mpaka lero wopambana Mr Olympia amalandira kafano ka Sandow. Mpikisano wathu udachitikira mu holo ina ya mu tauni yakale, Loweruka masana, mvula ikuwomba malata. Tidadzola mafuta ophikira. Tidavala timakabudula tosoka kwa telala wa pa khonde, ndipo tidachita manyazi ndithu, pakuti idali nthawi imene lamulo la kavalidwe la 1973 linkayeza kutalika kwa siketi za akazi, ndipo mwamuna wolemekezeka ankadziwika ndi jekete. Anthu adaseka titangotuluka. Koma woyamba atatambasula msana, holo yonse idati zii, kenaka mfuu.

Tidalipo khumi ndi mmodzi. Ine ndidakhala wachisanu. Oweruza adati miyendo yanga idaposa ya onse, koma chifuwa ndi mapewa zidatsalira. Phewa lija lidandilipiritsa pamaso pa anthu. Adapambana ndi mwamuna wina wa ku Area 25, wosenza mabelo ku Kanengo, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi. Nditakamugwira chanza ndidamufunsa chinsinsi chake. Adatulutsa m'chikwama makope asanu omanga ndi mphira. Kameneka kadali kachisanu kulowa, ndipo koyamba adali wotsiriza.

Amayi adabwera osandiuza, nakhala kumbuyo ndi chitenje kumutu. Pobwerera sadanene za mpikisano. Adangoti, "Chaka chino sudagone ku mowa ngakhale tsiku limodzi." Funso lawo lija adaliyankha okha.

Usiku womwewo ine ndi Madala tidatsegula tsamba loyamba. Benchi: 72. Sikwati: 112. Mkono: masentimita 35 ndi theka. Thupi: makilogalamu 65. Ziwiri ndidakwanitsa, ziwiri ndidaperewera pang'ono, ndipo chifukwa chake chidalembedwa poyera pa sabata ya 17. Kukhala wachisanu kudandiwawa masiku atatu. Koma kope lidandiuza chinthu chimene oweruza sakadatha kundiuza: pamene ndidachokera, pamene ndidalakwa, ndi pamene ndiyenera kuyambira.

Zidatsatira

Mzinda udapitirira kukula. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000. Nyumba ya Malamulo idachoka ku Zomba, ndipo mu 2010 idalowa m'nyumba yakeyake ku City Centre. Zitsulo zonyezimira zija zidatuluka m'magalaja a ku Area 10 n'kulowa m'majimu olipira pa mwezi, okhala ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, kumene amayi ndi abambo a m'maofesi amapita akaweruka. Masewerawa ali ndi bungwe lake, Weightlifting and Bodybuilding Association of Malawi, ndipo mpikisano wa Mr Malawi udatchukitsa maina ngati Emmanuel Muhuwa ndi Zacheus Phiri. Kunja nako zidasintha. Mr Olympia, amene adayamba mu 1965, adapita kwa Mamdouh Elssbiay wa ku Egypt mu 2020 ndi 2021, ndipo mu 2024 kwa Samson Dauda, wobadwira ku Nigeria. Mwana wa ku Kawale lero amawaonera pa foni, ndipo sangaganizenso kuti nsanja imeneyo ndi ya azungu okha.

Komatu foni yomweyo imamuonetsa thupi lomalizidwa, osamuonetsa zaka khumi za makope. Ndipo kuba kuja kumene ine ndidayesa ndi makilogalamu 80, lero kuli ndi njira yachidule: mapiritsi ndi jakisoni za ma steroid. Mankhwala amenewa si atsopano. Pa masewera a Olympic adayamba kuwayeza mu 1976 ku Montreal. Amakulitsadi mnofu msanga, koma amawononga chiwindi ndi mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo amatha kulepheretsa mwamuna kubereka. Phewa langa lidachira m'masabata asanu ndi limodzi. Mtima suchira chotero.

Jimu za kuseri kwa nyumba sizidathe. Pitani ku Chilinde, ku Area 23 kapena ku Mtandire m'mbandakucha, mudzamva kulira kwa zitsulo kuseri kwa mipanda, ndipo mukasuzumira mudzaona simenti ya m'zitini ndi magiya a lole. Wophunzira mbiri amene akufuna mutu wa kafukufuku apite kumeneko ndi cholembera, akafunse akuluakulu amene adayambitsa malowo, iwo asanatsikire kuli chete. Madala adatisiya kalekale, chifuwa cha ku mgodi chija chitawagonjetsa. Zitsulo zawo zidagulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo pamene padali benchi pali nyumba ya lendi. Pa mapu a mzinda malo amenewo alibe nambala yakeyake.

Ine ndidalowanso mpikisano kawiri, ndipo sindidapambanepo. Koma njira ya kope ndidaitengera kwina. Ndi njira yomweyo imene ndidalembera mayeso a MSCE ndiri ndi zaka 29, masamba asanu usiku uliwonse, tsiku la mayeso litalembedwa pachikuto, mpaka ndidasiya kukhala mesenjala.

Tsamba lotsiriza la kope lofiiriralo lidalembedwa Loweruka lomwelo la mpikisano, mafuta ophikira asanandichoke m'thupi, ndipo chala changa chidasiyapo banga limene likuonekabe. Ndi dzanja la Madala. Palibe mawu oyamika kapena otonthoza. Adangolemba kuti: Lolemba, 12 Disembala, 5 koloko. Benchi, 73.